Maiki Yomwe Ndinasiya M'chikwama

1

Ndivomereretu ndisanapite patali: palibe anandilodza, palibe anandituma. Chala chinali changa, batani ndinadina ndekha, masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu oposa zana.

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinali woimba wamkulu wa kabandi kathu. Anthu ankanditchula kuti Chitoliro, ndipo sindikana, dzinali linkandikoma kwabasi. Tinalimo anayi. Mwamuna wanga ankaimba gitala komanso ndiye ankayang'anira zokuzira mawu. Mng'ono wanga, amene ndinamulera ndekha mayi athu atamwalira, ankakhala kumbuyo pa kiyibodi n'kumandithira mang'ombe. Wachinayi anali wang'oma, a Gogoda, munthu womenya zitsulo ngati zinamulakwira. Malo ake anali kumanzere kwanga zaka zonsezo.

Zida zathuzathu tinalibe. Tinkabwereka masipika otopa, olira ngati chitini, ndipo ine ndinkadandaula tsiku ndi tsiku kuti akutha mphamvu. Kenako mwayi unatigogodera. Manijala wa hotela ina anatiuza kuti akufuna bandi yoimbira alendo Lamlungu lililonse masana, chaka chathunthu. Anati tikayesedwe kamodzi, koma tibwere ndi zida zathu, osati zobwereka.

Nkhani inali yokoma, koma ine mtima unali kale pa zina. Mwamuna wanga ndi mng'ono wanga anali atayamba kunong'onezana.

Ndikalowa m'chipinda, milomo ikuyenda koma mawu osamveka. Ndikafunsa kuti mukuti chiyani, ankayang'anana kaye, kenako mmodzi n'kubwereza mokuwa ngati akulankhula ndi mwana. Pa siteji ankapatsana maso. Nyimbo ikafika pokwera, mwamuna wanga ankamugwedezera mutu pang'ono, iye n'kuyankha ndi nsidze. Ine ndine mkazi, zoterezi sindichita kuuzidwa. Nsanje inandigwira, ndipo ndinaisunga ndekhandekha mpaka inakula.

2

Tinakhala pa tebulo la kunyumba kwathu tonse anayi, ndi kapepala ndi pensulo. Zomwe tinasunga kwa zaka ziwiri zinali zochepa, zosalola munthu kulakwitsa.

"Mikisa yosakanizira mawu ndi ampu yopatsa masipika mphamvu sitingachitire mwina," anatero mwamuna wanga. "Masipika awiri oyang'ana kwa anthu, amenewonso ndi okakamiza. Maiki zathu zakale zikugwirabe ntchito. Kotsalako tigule mamonita awiri."

"Mamonita ndiye kuti tija timasipika togona pansi tija?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

"Eya, oyang'ana kwa ife oimba, kuti munthu azidzimva yekha akamaimba. Imodzi ikhale patsogolo panu, mayi."

"Patsogolo panga? Zaka khumi ndi zinayi ndaimba popanda kasipika kondiuza mawu anga. Lero ndiye ndayamba kusochera?"

"Palibe wanena zimenezo, asisi," anatero mng'ono wanga, maso ali pa tebulo. "Alamu akunena zoona. Monita imathandiza aliyense."

Alamu akunena zoona. Mawu amenewo anandilasa. Ndinayang'ana a Gogoda kuti mwina andiikira kumbuyo, koma iwo anali kalikiliki kukanda utoto wa pa tebulo ndi chikhadabo.

"Ine ndikufuna maiki yopanda waya," ndinatero. "Kuhotela kumafunika woimba woyenda pakati pa matebulo, osati womangidwa chingwe ngati mbuzi."

"Zonse ziwiri sizingatheke, mayi. Ndi monita kapena maikiyo."

"Ndiye mwamva kale yankho langa, bambo."

Anayang'anananso. Kamphindi chabe, koma ndinakaona. Chifukwa chenicheni chomwe ndinkafunira maiki imeneyo sindinauze munthu, ndipo inunso muyambe mwadikira.

3

Shopu yomwe tinakagulako zida inali yopanikizana, masipika atasanjidwa mpaka kudenga, fungo la fumbi ndi waya wopsa. Mwini wake, mdala wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, anthu amangomutchula kuti a Mawaya. Anamvetsera zomwe tili nazo, n'kuseka.

"Ndi zimenezi zatsopano iwalani," anatero. "Koma musatengeke ndi kukula kwa bokosi. Anthu amagula chisipika chachikulu n'kuchilumikiza ku ampu yofooka, mapeto ake zonse ziwiri zimapsa. Tengani awa apakati, ampu iyi iwakwanitsa popanda kutuluka thukuta."

Anayatsa. Mwamuna wanga anayenda mpaka pakhomo, n'kubwerera akugwedeza mutu mokhutira.

"Kwezani," ndinatero. "Sakumveka."

A Mawaya anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Amayi, mazenera akunjenjemera awa."

"Ndiye kuti mazenera anu ndi amantha."

Anatulutsa mikisa yakale ya njira zisanu ndi zitatu zolumikizira maiki, yokandikakandika koma yamoyo. Anandiveka mahedifoni, n'kundionetsa timabatani tachikasu, kamodzi pa njira iliyonse.

"Mukadina aka, mumamva maiki imodzi yokhayo m'makutu mwanu, ngakhale mutaitsitsa kotheratu. Ndi kofufuzira vuto anthu osadziwa."

Anthu osadziwa! Ndinavula mahedifoni.

Kenako mdalayo anaitembenuza mikisa ija, n'kuyamba kulozaloza mabowo a kumbuyo, akufotokozera mwamuna wanga chifukwa chomwe ankaigulitsira motchipa. Zimenezo ine sindinazitsate. Ankalankhulira pansi, ndipo ine maso anali atapita kale pa shelefu pomwe panali maiki yopanda waya, yasiliva, yonyezimira.

"Mayi, ndikukupemphani komaliza," anatero mwamuna wanga atandikokera pambali. "Tiyeni titenge monita, ngakhale imodzi yokha. Maikiyi tidzagula chaka chamawa."

"Mukuiopa chiyani maikiyi?"

"Sindikuiopa."

"Nanga bwanji mwatuluka thukuta?"

A Mawaya analowerera. "Ndikanakhala ine, amayi, ndikanamvera bambowa. Woimba wosadzimva ali ngati woyendetsa galimoto yopanda magalasi."

"Inu gulitsani, zoimba tisiyireni eni ake," ndinawadula.

Tinatuluka ndi maiki yasiliva.

4

Tinayeserera masiku anayi m'galaja ya a Gogoda. Tsiku loyamba lomwelo ndinapeza mwamuna wanga akumata tepi yakuda pa timabatani tachikasu tonse tija.

"Mukubisa chiyani?"

"Sindikubisa. Timabatani iti tisadinidwe masipika ali oyaka. Munamva zomwe ananena a Mawaya."

"Ndinamva," ndinanama. Mumtima ndinati, wakuba waopa kuti ndimugwira.

Tsiku lachitatu ndinatuluka kukayankha foni. Foni yanganso inali itayamba kundivuta, mawu ake ngati munthu ali m'chitsime, moti ndinkangoisinthira kukhutu lakumanja. Pobwerera ndinaima pakhomo. Mng'ono wanga anali ataweramira pa kiyibodi akulira, mwamuna wanga atamugwira phewa. Atandiona anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula.

"Walira chiyani mwanayu?"

"Mutu, asisi. Mutu ukundiwawa."

"Mutu umachira ndi dzanja la alamu ako masiku ano?"

"Mayi!" anakuwa mwamuna wanga. "Mulungu akukhululukireni."

Ndinaseka ngati ndimacheza, iwonso anayesa kuseka. Koma ine sindinkacheza. Mwana amene ndinamusambitsa, amene ndinasiyira sukulu kuti iye aphunzire! Ndinalumbira kuti Lamlungu lokayesedwalo lisanathe ndidzakhala nditamva ndi makutu anga.

5

Holo ya hotela inali yodzaza. Matebulo a nsalu zoyera, mabanja ovala bwino, ana akuthamangathamanga, operekera zakudya akudutsana ndi mathireyi. Manijala, mayi wamtali wosaseka, anaima pafupi ndi khomo atapinda manja.

Gawo loyamba linayenda bwino zedi. Ndinatsika pa siteji ndi maiki yanga yasiliva, ndikuzungulira matebulo, anthu akuomba m'manja. Mayi wina wachikulire anandigwira dzanja. "Mawu anu sakalamba," anatero. Ndinamva kukoma mpaka kuphazi. Koma potembenuka ndinaona zomwe ndinazolowera: mwamuna wanga dzanja lili pa mikisa, maso ali kwa mng'ono wanga, iye akuimba atatsinzina, misempha ya pakhosi itaima.

Itakwana nthawi yopuma, mwamuna wanga anaika nyimbo za pa foni kuti zizilira pansipansi anthu akamadya. Tinalowa m'kachipinda kakumbuyo komwe anatipatsa kosinthira zovala. Munali tebulo limodzi, mipando itatu ndi galasi long'aluka. A Gogoda anatuluka kukasuta.

Ndinaika maiki ija m'chikwama changa ili yoyaka. Kagetsi kake kobiriwira ndinakaphimba ndi mpango, zipi n'kuisiya yotsegula. Chikwamacho ndinachikhazika pa tebulo, pakati pa awiriwo.

"Ndikupita kuchimbudzi," ndinatero. "Ndichedwako pang'ono, m'mimba simuli bwino."

Ndicho chifukwa chake ndinakana monita. Zoyenda pakati pa matebulo zinali zongophimbira. Ndinkafuna khutu loti ndingalisiye m'chipinda ine n'kuchokamo.

Ndinazungulira kuseri n'kukwera pa siteji. Mikisa inali pakona, pa kathebulo kake. Ndinavala mahedifoni, n'kuwakweza mpaka pamapeto. Njira yachitatu inali ya maiki yanga, yotsitsidwa mpaka pansi. Ndinakanda tepi yakuda ija ndi chikhadabo. Inakana, ndinaikoka ndi mphamvu, inamatuka.

Mumtima munabwera kamawu kakuti siya, bwerera, ukafunse ngati munthu. Ndinakakankhira kutali, ndipo ndinadina.

6

Poyamba kunali phokoso la nsalu. Kenako mawu a mng'ono wanga analowa m'mutu mwanga, omveka bwino kuposa momwe ndinawamvera kwa nthawi yaitali.

"Alamu, ine ndatopa. Sindingathenso kuwanamiza asisi."

Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndi zimenezo, ndinatero mumtima, zayamba kutuluka.

"Pirira lero lokha," anayankha mwamuna wanga. "Tikapeza ntchitoyi ndiwauza ndekha."

"Munatero mwezi watha. Miyezi isanu ndi itatu tsopano! Pakhosi panga pakutuluka magazi. Ndiziimba mawu anga, ndiziimbanso awo, uku ndikuliza kiyibodi. Ndine munthu inenso."

"Ndikudziwa, mlamu."

"Lero mu nyimbo yachitatu anaphonya kiyi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukanachedwa kuwatsitsa, anthu onse aja akanamva."

"Ndinawatsitsa kotheratu. Gawo lonse lija anthu amamva iwe."

"Nanga mpaka liti? Asisi sakumva, alamu. Khutu lamanzere linafa, linalo likutsatira. Tikamalankhula bwinobwino amati tikunong'ona. Apite kuchipatala!"

"Ukuganiza kuti sindinayese? Ndinati tigule monita kuti mwina akamadzimva abwerera mu nyimbo pawokha, osachita manyazi. Unaona momwe anandidyera. Mkazi uja ukamuuza kuti sangaimbenso, wamupha. Alibe china chomwe amadzidziwira."

Kenako ndinamva mwamuna wanga akulira. Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanamumvepo akulira.

Chibwenzi panalibe. Mawu omwe mayi wachikulire uja anayamikira sanali anga. Ndinkazungulira matebulo ndi maiki yotsitsidwa kotheratu, ndikutsegula pakamwa, mwana wa mayi anga akung'ambika pakhosi kumbuyo kuti ine ndiomberedwe m'manja.

Ndinakweza maso, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinaona holo.

Palibe ankadya. Mafoloko anali m'mwamba. Woperekera zakudya anaima pakati pa njira ndi thireyi yake. Nkhope zoposa zana zinali zitatembenukira kwa ine, ena atagwira pakamwa, ena akuloza masipika. A Gogoda ankathamanga kuchokera kukhomo akugwetsa mipando, pakamwa pali yasa, akukuwa zomwe sindinkamva. Anafika n'kuzula waya wa ampu kukhoma.

Ndinavula mahedifoni.

"Mlamu, mwatani?" anatero akupuma mwabefu. "Zonse zatuluka! Holo yonse yamva!"

Zomwe a Mawaya ankafotokoza tsiku lija zinali izi. Mabowo enieni otulutsira mawu kupita kwa anthu anali akufa pa mikisa imeneyo. Masipika anawalumikiza ku mabowo ena, omwe amatulutsa chilichonse chomwe chikupita ku mahedifoni. Ukadina kabatani kachikasu, nyimbo zimaduka, ndipo zomwe ukumva iwe ndi zomwe akumva onse. N'chifukwa chake inali yotchipa, n'chifukwa chake panali tepi. Munthu wamakutu abwino akanazindikira pa mawu oyamba kuti holo ikulira. Ine ndinamvetsera mpaka kumapeto.

7

Awiri aja anatuluka m'kachipinda kaja akuthamanga, atauzidwa ndi woperekera zakudya. Mwamuna wanga anayang'ana tepi yomatuka, n'kuyang'ana ine. Mng'ono wanga anabwerera m'kati. Anatulukanso atanyamula chikwama changa, n'kutulutsamo maiki pamaso panga, kagetsi kobiriwira kakuyakabe.

Anaima kumanja kwanga, kufupi, kuti ndimve bwino.

"Munaiyiwala, asisi?"

Ndikanatha kunama. Pakamwa panakana.

"Ayi."

"Mumafuna kumva chiyani?"

Anayang'ana alamu ake, anandiyang'ananso ine, ndipo ndinaona nkhope yake ikusintha pamene ankakumbukira mawu anga a m'galaja aja.

"Ine? Ndi alamu?" Mawu ake anali osasa. "Miyezi isanu ndi itatu ndakubwerekani pakhosi panga kuti musachite manyazi. Inu nthawi yonseyi mumandiona ngati hule?"

"Mwana wa mayi anga, ndimvere..."

"Musanditchule choncho."

Anaika maiki ija m'manja mwanga mwaulemu, ndi manja awiri, monga ndinamuphunzitsira ali mwana. Anatenga kachikwama kake n'kudutsa pakati pa matebulo, anthu akumupatsa njira.

Manijala anabwera tikupinda mawaya. Sanakalipe. Anati mawu omwe anamva gawo loyamba anawakonda, ndipo ntchito ndi yathu ngati mwini mawuwo aima kutsogolo. Mwamuna wanga anathokoza, nati tikambirana. Tonse tinkadziwa kuti mwini mawuwo wapita.

Pofika kunyumba, chipinda chake chinali chopanda kanthu. Anasiya makiyi pa tebulo lomwe lija tinakanganirapo za monita.

8

Kuchipatala anandiika m'kachipinda kotsekedwa, n'kundiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Ndinakhala nthawi yaitali dzanja lili pamwendo, ndikudikira kuti ayambe. Anali atayamba kalekale. Dokotala anati khutu lamanzere silingabwerere, zitsulo za a Gogoda zinalidya pang'onopang'ono. Lakumanja analipulumutsako ndi kachipangizo komwe ndimavala tsopano. A Gogoda atamva analira ngati mwana, koma mlandu si wawo. Ine ndi amene ndinkakana kusuntha, chifukwa pamenepo ndi pomwe kuwala kunkandigwera bwino.

Mwamuna wanga sanandisiye. Anapepesa kuti anandibisira, ndipo n'zoona, analakwa. Koma tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chake sanangondiuza, iye anandiyankha modekha kuti, "Mayi, ndi liti munalolapo munthu kumaliza chiganizo?"

Maiki yasiliva ndinaibweza kwa a Mawaya. Sanandifunse kanthu, nkhani inali itawapeza kale. Anandipatsa monita imodzi m'malo mwake. Ndinaiyesa ndili ndekha m'galaja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva zomwe mng'ono wanga ankabisira anthu. Ndinaimba mizere iwiri yokha n'kuzimitsa.

Inu amene mukuwerenga, makamaka oimba anzanga a timabandi tosauka, mukamagula zida ndi ndalama zoperewera, yambani ndi chomwe chikuuzeni zoona za inu eni. Zonyezimira zidikire. Ndipo mukaona a m'nyumba mwanu akuyang'anana inu mukalowa, musathamangire kutchera msampha. Khalani pansi, funsani, kenako mutseke pakamwa mpaka amalize. Mwina akukubisirani chinthu, inde, koma si chobisika chilichonse chomwe chili mpeni. Anthu anga ankandinyamula, ine ndikuwawerengera machimo.

Papita chaka ndi miyezi iwiri. Ndinamva kuti mng'ono wanga akugwira ntchito m'sitolo ya nsalu kutali ndi kuno, ndipo saimbanso, ngakhale kutchalitchi. Kiyibodi yake ndimaipukuta fumbi Loweruka lililonse. Lamlungu masana, nthawi yomwe tikanakhala tili pa siteji, ndimamuimbira foni. Ndimaigwirira kukhutu lakumanja, labwinolo. Imaitana bwinobwino, ndimaimva kulira kulikonse mpaka kudukapo. Iye sayankha.